Kalembera wa Mitima Yosokedwa

Lolemba

Ntchito yophweka ngati kusenda nthochi yandipeza lero!

A Kachingwe, amene amayang'anira chipatala chathu, andiitana m'mawa foni ili m'manja. Akuti ku likulu akufuna kudziwa anthu onse m'dziko muno amene anang'ambidwapo pachifuwa, kuchitidwa opaleshoni ya mtima. Kaundula wake alipo kale, koma eni ake akumukayikira kuti ngobooka. Ndiye Loweruka kubwera madokotala ndi makina ounikira mtima. Amene amuone ndi maso awo alowa m'kaundula, mankhwala ake azimutumizira ku chipatala chimene ali nacho pafupi, magazi azimuyeza. Amene samuona, kwa iwo kulibe.

"Dera lanu alemba ziro, achimwene, koma kazungulireni tingokwaniritsa lamulo," atero a Kachingwe.

Ziro! Ndangoti zikomo, m'mimba ndikuseka. Ine wa zaumoyo wa dera lino, amene ndimadziwa chimbudzi chilichonse kuyambira kumsika mpaka kudambo, chovindikira ndi chosavindikira, andiuze za ziro? Munthu ndili naye.

Ndi mayi Esinati, mkazi wa a Namakhwa, matenanti a pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo. Kwawo ndi ku Phalombe. Ndinawatulukira chaka chatha pa sikelo ya ana. Awerama kuti akoleke mwana, ine ndikumva tiki, tiki, tiki. Kuyang'ana pamkono pawo, palibe wotchi. Ndinayamba kusuzumira m'thumba langa ngati chitsiru. Iwo anaseka, kenaka anandinong'oneza: ali mtsikana mtima unawonongeka, a mpingo wa kwawo anawatumiza ku India, kumeneko anawaika valavu yachitsulo. Valavu, abale, ngati ya chubu cha njinga! Sanadzere pa mzere wa boma, ndiye boma silikuwadziwa. Tsiku lililonse amamwa pilitsi losungunula magazi. Akasiya, magazi amaundana pa kachitsuloko, basi adzukulu azinola makasu.

Chovuta nchimodzi. A Chimbalanga, kapitawo wa pa esiteti, satenga banja lokhala ndi wodwala. Amati fodya sadikira munthu wogona m'chipatala. Ndipo sabata ino ndi imene akusankha mabanja oti adzabwerenso chaka chamawa, chifukwa fodya watha kugulitsa, lole yobweza matenanti kwawo inyamuka Lamulungu m'mawa.

Pulani yanga:
1. Osauza munthu. Ngakhale mayi a kunyumba.
2. Loweruka mayi Esinati abereke mwana ngati akubwera ku sikelo.
3. Ndiwalowetse pa khomo lakuseri, la ku chipinda cha amayi oyembekezera.
4. Ziro asanduke wani. Dzina langa limveke ku likulu.
5. Kuchapa yunifolomu. Kolala yafika poipa.

Mayi a kunyumba ndawauza madzulo. Anangondiyang'ana kawiri, ndaulula zonse.

Lachiwiri

Mbandakucha pa njinga, ulendo wa ku esiteti. Kuzizira kwake! Zala zauma pa handulo. Zigafa zili mbee, fodya yense anapita, kwatsala fungo lokha.

Mayi Esinati ndawapeza akumanga ziwiya m'thumba la feteleza. Ndawafotokozera kuseri kwa nyumba, ndikunamizira kuyendera dzenje la zinyalala. Alowa m'nyumba, atuluka ndi kabotolo. Mapilitsi atsala pansi penipeni, ndipo onse ngodula pakati. Akuti amawadula ndi lezala kuti akhalitse, chifukwa ulendo wa ku tauni kokatenga ena umafunika kutsanzika kwa kapitawo, ndipo azakhali awo a ku tauni amene amanamizira kukawaona "adwala kokwanira chaka chino."

Theka la pilitsi! Ine ndimaganiza za dzina langa ku likulu.

"Ndibwera, bambo. Koma asadziwe munthu," atero.

Ndalumbira, chala kumwamba.

Masana a Kachingwe andikumana pakhonde. "Kodi mwalengeza? Lipoti likufunsa ngati mwalengeza." Ndati ndikulengeza mwa munthu mmodzimmodzi. Akuti ayi, ku Mpingu anzanu alengeza ndi chimkuzamawu. Ndipo poti lero kuli maliro a agogo ena kumudzi wa kuseri kwa sukulu, dera lonse lili komweko, ndikangopereka uthenga kwa wolengeza.

Wolengeza wake ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu. Munthu amene akagwira chimkuzamawu, ngakhale uthenga wa mbuzi yosowa umatuluka ngati ulaliki. Ndawalembera pa kapepala mawu osamala kwambiri: okhawo amene anachitidwa opaleshoni ya mtima akaonane ndi a zaumoyo. Kapepalako akapinda, akaika m'thumba la jekete, osakawerenganso. Atatha kuthokoza adzukulu ndi amayi ophika, atsokomola, nkuyamba:

"Uthenga wochokera ku boma! Loweruka kuchipatala kuli kalembera! Kukubwera alendo a ku likulu ndi galimoto! Aliyense amene ali ndi vuto la mtima, ndiponso amene anang'ambidwapo, asatsale! Boma lakumbukira anthu ake!"

Kalembera! Pamaliro! Ndaona ndi maso anga amayi amene amalira mogubuduzika akudzuka, kupukuta misozi, kufunsana kuti Loweruka nthawi yanji. Kuno kalembera aliyense amene anabwerapo anabala kanthu: makuponi, ufa, maneti, mbuzi zopatsirana. Munthu sungamuuze kuti boma lingawotche mafuta kuchoka ku tauni kudzangolemba dzina.

Ndachoka manda asanakwiriridwe.

Lachitatu

Ndadzuka kuti ndikataye madzi. Kutsegula chitseko, anthu ali mbwee pabwalo, ena akhala pa mtondo wa mayi a kunyumba, wina watsamira njinga yanga. Ndabwerera nawo m'nyumba.

Zipsera zimene ndaonetsedwa ndisanasukusule:
- cha opaleshoni yobereka (zambiri, eni ake akuti nthawi imeneyo mtima unkagunda kwambiri, ndiye nchimodzimodzi)
- cha chophukacho
- cha mphini za asing'anga, pachifuwa penipeni, zooneka bwino ndithu
- cha nkhwangwa, pamwendo
- cha katemera wa paphewa, amene ndinabaya ine ndemwe!
- bambo wina alibe chipsera, koma mkazi wake anathawa ndi wogula soya, akuti mtima wake unang'ambika anthu akuona

Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Palibe ufa. Palibe kuponi. Ndi dzina lokha ndi mankhwala a odwala enieni. Onse akungogwedeza mitu mwaulemu, "Eya, eya, tamva bambo." Kenaka mayi wina kumbuyo, mokweza kuti ndimve: "Akatero ndiye kuti zilipo zambiri. Akufuna alembe abale awo."

Abale anga! Ngati kuti anawaitana, masana apongozi atulukira kuchokera ku Kasiya pa kabaza, ali ndi thumba lopanda kanthu lopindidwa bwino mkhwapa. Sanabwere kuno chibadwire mwana wathu wachiwiri, ankati msana. Lero msana wachira, wadwala ndi mtima. Akhala pa mkeka kutali nane monga mwa mwambo, ayang'ana kumbali, akulankhula ndi mwana wawo koma mawu akulunjika kwa ine: "Uwauze atate a kuno kuti mtima wanga umachita phaphapha ndikakwera chulu. Asaiwale kumene anakwatira."

Ndayankha ndikuyang'ana nkhuku. Ndati ndamva, amayi.

Yunifolomu sinachapidwe. Beseni akhalira alendo.

Lachinayi

Nkhani yakula yokha usiku umodzi, ngati bowa. Kumsika akuti olembedwa alandira matumba a feteleza. Ku chigayo akuti njinga. Kwa ometa akuti azungu atenga anthu pa ndege kupita nawo ku India, ndipo anyamata ayamba kale kufunsa ngati kumeneko kuli ntchito za ulonda.

A Kachingwe akuseka mpaka kugwira tebulo. Akuti, "Achimwene, mwalengeza bwino kuposa Mpingu." Ndawauza kuti a Mbewe ndiwo alakwa. Akuti lipoti silifunsa za a Mbewe.

Mayi a kunyumba abwera ndi nzeru: ukawauze kuti aliyense wobwera Loweruka abayidwa jakisoni wamkulu, wa singano yaitali, athawa okha. Ndaona ngati nzeru ndithu. Ndazungulira midzi itatu ndikuonetsa kutalika kwa singanoyo ndi manja.

Ndinaiwala kuti anthu a kuno pilitsi amaliona ngati chipongwe. Munthu ukamupatsa mapilitsi amachoka akudandaula kuti dokotala sanamuone bwino. Jakisoni ndiye mankhwala! Pofika madzulo ngakhale amene amakayika atsimikiza zobwera. Agogo ena andigwira dzanja panjira, "Mwana wanga, jakisoni wautaliyo undisungireko, mawondo anga anatha."

Ndabwera kunyumba ndawauza mayi a kunyumba zotsatira za nzeru zawo. Akuti iwo anangonena, wopita kukalengeza ndine.

Apongozi adya nkhuku yanga ya mazira. Akuti wodwala mtima safuna masamba.

Ndikuopa. Chigulu chonsechi, mayi Esinati alowa bwanji osaonedwa? Ndikatseka maso ndikuona kabotolo kaja.

Lachisanu

Ku esiteti kachiwiri. A Namakhwa andilandira nkhope ili gwa. Munthu wamtali, wosalankhula zambiri, manja akuda ndi utomoni wa fodya umene suchoka ngakhale ndi sopo.

"Munalumbira, bambo. Tsopano dziko lonse likupita kumeneko. Akatichotsa pano, ana adya kaundula wanuyo?"

Ndayang'ana dzenje la zinyalala.

Tili chiimire, kwatulukira a Chimbalanga enieniwo, chipewa cha khonde, mimba kutsogolo, ndodo m'manja. Ndinati basi zathera pano. Koma iwo akumwetulira mano onse! Akuti amva za kalembera, ndipo iwo monga kholo la anthu a pa esiteti sangalole kuti anthu awo amanidwe. Mawa thirakitala inyamula matenanti onse pa ngolo, amuna, akazi, ana. Aliyense akalembetse. Kenaka atsegula mabatani a shati kundionetsa pamene ng'ombe inawabaya ndi nyanga ali mnyamata, pansi pa nthiti. "Apapa ndi pafupi ndi mtima, eti adokotala?"

Ndati pafupi kwambiri, bwana.

Atachoka, mayi Esinati ayamba kuseka, kugwira pakamwa ndi nsalu. Ine ndazindikira mochedwa chimene akusekera. Ngati esiteti yonse ikunama kuti ikudwala mtima, ndani aloze chala munthu mmodzi amene akunena zoona? Akwera thirakitala ya kapitawo yemweyo, aima pa mzere ngati wofuna ufa, alowa, aunikidwa, alembedwa, atuluka akudandaula ngati anzawo kuti sanalandire kanthu!

A Namakhwa nawonso azindikira. Kenaka: "Chabwino. Koma ine sindinamve."

Pobwerera ndapalasa njinga ndikuimba. A Mbewe, Mulungu awadalitse, ndi munthu wa masomphenya! Pulani yatsopano:
1. Osachita chilichonse.
2. Osalengezanso chilichonse.
3. Kuchapa yunifolomu.

Ndachapa. Dzuwa silinatuluke, yauma theka.

Loweruka

Ndilembe bwanji?

Ndafika kuchipatala yunifolomu ikuzizira pamsana. Mzere wayambira pakhonde, wadutsa pa mjigo, wakhota pa mtengo wa mango, wakafika kumsewu. Ogulitsa mandasi abwera. Wa mbatata yootcha wabwera. Wina akugulitsa matumba opanda kanthu kwa amene aiwala awo, ndipo akugulidwa!

Madokotala afika, atatu, wamkulu wawo mtsikana wamagalasi wooneka waulemu. Atsika galimoto, aona chigulu, afunsa a Kachingwe ngati kuli msonkhano wa chipani. Magetsi kulibe kuyambira dzulo, makina ayendera batire.

Thirakitala yafika ndi nyimbo. Mayi Esinati ndawaona, mwana kumbuyo, nsalu yofiira, maso pansi. Mtima wanga uli m'malo.

Kenaka anthu ayamba kukankhana pakhomo, ndipo a Chimbalanga sangaone mzere wopanda mwini. Akwera pa benchi, ndodo m'mwamba. Akuti alendo asavutike, iwo athandiza kupeta. Wopanda chipsera abwerere! Amuna avule malaya pomwepo iwo aone. Amayi apite kuseri kwa thanki ya madzi, kumene mayi Chimbalanga aziwaona mmodzimmodzi, ndipo amene ali ndi chipsera chenicheni cha pachifuwa, mayiwo afuule dzina lake kuti adutse kutsogolo. Anthu awomba m'manja. Dokotala wamagalasi uja akuti, "Bambowa atithandiza kwambiri."

Ndathamanga kukanena kuti ayi, zimenezi nzachinsinsi. Mayi wa Lachitatu uja wayamba: "Mwaona? Akufuna alowetse apongozi ake!" Gulu lonse: "Apete! Apete!"

Ndayang'ana ku thanki. Mayi Chimbalanga akugwira ntchito ndi mtima wonse, kutsegula mabulauzi ngati akusankha fodya. Patsogolo pa mayi Esinati patsala amayi ochepa. Chipsera chawo sindinachionepo, koma ndikudziwa mmene chimakhalira, chimatsika kuchokera pakhosi mpaka pamimba, sungachinamizire nyanga ya ng'ombe. Ndipo kuseri kwa thanki kuli zii, kachitsulo kaja kamveka.

Khomo lakuseri! Ndathamangira ku chipinda cha oyembekezera. Chokhoma. Kiyi ali ndi mlonda. Mlonda ali pa mzere, malaya m'manja, akuti akachoka ataya malo. Ndalanda kiyi, ndatsegula, ndapeza apongozi ali gone pa bedi la oyembekezera, thumba lawo pamutu ngati pilo. Analowa mbandakucha, anamuuza mlonda kuti ndine ndalamula. Andiona, afunda nsalu kumaso mwaulemu, ali m'nsalumo akufuula kuti alendo ayambire iwo. Anthu amva, theka la mzere lathamangira kuseri.

Pobwerera ku thanki, nsalu yofiira palibe.

Mayi wina akuti anachoka pa mzere, anati mwana watsegula m'mimba. Mayi Chimbalanga akuti, "Asiyeni, a Namakhwa aja ngathanzi ngati ng'ombe, amangofuna ufa."

Ndalowa kwa dokotala, ndamunong'oneza zonse. Wavula magalasi. "Valavu yachitsulo? Akumwa theka? Kawatengeni msanga, bambo, batire ikutha." Ndapempha kuti angolemba dzina, ine ndikuchitira umboni. Akuti kaundula salandira munthu amene sanaunikidwe, anaika lamulo limeneli kuti musalowe mayina abodza. Ndapempha mapilitsi okha. Akuti amatuluka pa dzina la m'kaundula. Amalankhula akuoneka kuti zikumuwawa, sindingamunenere zoipa.

Njinga! Ndapalasa ngati wothamangitsidwa ndi njuchi. Pa dambo, tayala lakumbuyo fwaa. Valavu yathothoka. Valavu, pa masiku onse! Njingayo ndaikankha, ndathamanga nayo, ndaisiya m'munda mwa munthu. Ndawapeza mayi Esinati atatsala pang'ono kufika ku esiteti, akuyenda pang'onopang'ono, akupuma movutika.

Ndawachonderera. Ndagwada, ine, pa fumbi, yunifolomu yochapa.

"Bambo, dzukani, anthu aona. Ndikabwerera pano ndi inu, ndiye kuti ndalengeza ndekha. Mayina a obwerera chaka chamawa akutchula madzulo ano."

Tili pomwepo foni yalira. A Kachingwe. Batire yatha, alendo akupakira.

Zotsatira za tsiku: aunika mitima yambirimbiri. A Chimbalanga awapeza ndi kuthamanga kwa magazi, atuluka akunyadira kuti iwo okha ndiwo apezeka ndi kanthu. Apongozi auzidwa kuti mtima wawo ndi wa mtsikana, akwiya, akuti makinawo ngachinyengo. Ufa palibe amene walandira, ndipo dera lonse likudziwa amene wadya: ine.

Lamulungu

Ndabwereka njinga ya aphunzitsi, ndafika ku esiteti lole ikulira kale. Pamwamba mitolo, mbuzi, mipando, ana. Mayi Esinati akhala pa thumba la chimanga pafupi ndi mpanda wa lole. A Namakhwa andiona, kwa nthawi yoyamba amwetulira. Dzina lawo latchulidwa dzulo. Chaka chamawa abwereranso. A Chimbalanga anawayamikira pagulu kuti ndi banja losadwaladwala.

Ndayandikira ngati ndikusewera ndi mwana. Ndafunsa za kabotolo. Akuti kafika kumapeto kwa mwezi, akadula bwino. Ndati mukangofika, pitani ku chipatala cha boma kwanuko, mukawauze zonse, kumeneko kulibe kapitawo. Akuti apita, akakolola nandolo. Ndati ayi mayi, musadikire nandolo. Aseka.

"Musadandaule, bambo, mwayesetsa. Tionana pa sikelo mvula ikagwa."

Injini imalira kwambiri, sindinathe kumva tiki tiki uja. Ndinatchera khutu ndithu. Lole yanyamuka, ndatsala ndikutsokomola fumbi.

Kunyumba apongozi apita osatsanzika, atenga tambala. Pakhomo wina wasiya thumba lopanda kanthu, kundinyoza.

Lipoti ndatumiza pa foni ndisanapite ku tchalitchi. Funso ndi limodzi: anthu ochitidwa opaleshoni ya mtima amene apezeka m'dera lanu. Malo olembapo mawu palibe, ndi kabokosi ka nambala basi. Ndayesa kulemba wani, foni ikufuna nambala ya kuunika kwa dokotala. Ndalemba ziro.

Posakhalitsa a Kachingwe anditumizira uthenga wochokera ku likulu. Akuthokoza madera onse. Akuti kwathu kuno zotsatira zagwirizana ndendende ndi kaundula, kusonyeza kuti kaundulayo sanaphonye munthu. A Kachingwe awonjezera kachithunzi ka manja owomba.

Ku tchalitchi ndachedwa, malo ndapeza pafupi ndi a Mbewe. Andigwira dzanja, akuti ndikadzakhalanso ndi uthenga ndisachite manyazi. Avala wotchi yawo yaikulu ya Lamulungu, ndipo pa pemphero lalitali, mpingo wonse uli chete, dzanja lawo lili pa benchi pafupi ndi khutu langa.

Tiki, tiki, tiki.

Ulaliki sindinaumve. Ndimawerengera masiku amene atsala kuti mwezi uthe.